Kodi Oklahoma City inalakwa kumusiya James Harden?

Loweruka usiku pa 27 Okutobala 2012, kutatsala masiku atatu kuti ligi ya basiketibolo ya ku America, NBA, iyambe, timu ya Oklahoma City Thunder inalengeza kuti yatumiza James Harden ku Houston Rockets. Mnyamatayu anali ndi zaka 23. Miyezi inayi m'mbuyomo anali atasewera fainolo ya ligi, ndipo mu Ogasiti anali atavala mendulo ya golide ku mpikisano wa Olympic ku London. Posinthana naye, pamodzi ndi anzake atatu a pabenchi, Oklahoma City inalandira Kevin Martin, Jeremy Lamb ndi mwayi wodzasankha osewera atatu achinyamata m'zaka zotsatira. Chiyambire usiku umenewo okonda masewerawa sanamvanepo. Ena amati palibe timu ya NBA imene inadzibaya yokha chotere m'zaka zaposachedwapa. Ena amati Sam Presti, bwana woyendetsa timuyi, anachita zimene munthu aliyense wodziwa kuwerengera ndalama akanachita. Mu Juni 2025 timuyi itatenga chikho chake choyamba chikhazikikire mumzinda wa Oklahoma City, mkanganowo sunathe ayi, unangokula.

Amene anazolowera mpira wa miyendo adziwe kaye kuti ku NBA wosewera sagulidwa ndi ndalama monga mmene matimu a ku England amachitira. Kumeneko kuli chimene amati draft: chaka chilichonse matimu 30 amasankha mosinthana anyamata ochokera m'makoleji ndi m'maiko ena, ndipo matimu amene anachita moipa sizoni yapitayo ndiwo amakhala ndi mwayi waukulu wosankha koyambirira. Mwayi wosankhawo ndi katundu ndithu, timu ikhoza kuupereka kwa inzake posinthana ndi wosewera. Pamwamba pa izi pali malire a malipiro. Timu imene malipiro a osewera ake apyola mlingo woikidwa imalipira msonkho ku ligi. Ndiye kuti mwini timu, ngakhale akhale wolemera bwanji, sangangotola akatswiri onse amene mtima wake wafuna, ndipo chisankho cha usiku umodzi chimatha kuitsata timu zaka khumi.

Presti analembedwa ntchito mu Juni 2007, timuyi ikadali ku Seattle ndi dzina lakuti SuperSonics. Anachokera ku San Antonio Spurs, kumene anaphunzira kuti timu ya mumzinda waung'ono imamangidwa ndi kusankha bwino, osati ndi kuwawanya ndalama. Chaka chomwecho Portland, imene inali yoyamba kusankha, inatenga Greg Oden, chimphona chimene mawondo anadzachigwetsa, ndipo Kevin Durant anagwera m'manja mwa Seattle pa nambala 2. Usiku womwewo Presti anatumiza katswiri wa timuyi, Ray Allen, ku Boston kuti ayambe kumanga ndi ana okhaokha. Mu 2008 anatenga Russell Westbrook pa nambala 4, ambiri akudabwa, komanso Serge Ibaka wa ku Congo-Brazzaville pa nambala 24. Timu inasamukira ku Oklahoma City chaka chomwecho. Mu 2009 Memphis itasankha Hasheem Thabeet wa ku Tanzania pa nambala 2, Presti anatenga Harden pa nambala 3. Zaka zitatu zotsatizana, anyamata atatu, ndipo aliyense mwa iwo anadzalandira mphoto ya MVP, ya wosewera wopambana onse mu ligi: Durant mu 2014, Westbrook mu 2017, Harden mu 2018. Mbali zonse ziwiri za mkanganowu zimagwirizana kuti kusankha kotere n'kosowa.

Zipatso zinaoneka msanga. Timu imene inapambana masewero 23 okha mu sizoni ya 2008/09 inapambana 50 chaka chotsatira. Mu 2012, m'ndime zochotsana, mmene matimu awiri amakumana mpaka imodzi itapambana kanayi, Thunder inachotsa Dallas ndi Los Angeles Lakers, kenako inakumana ndi Spurs imene inali itapambana masewero 20 motsatizana pofika masewero achiwiri a ndimeyo. Anyamata a Oklahoma City anali kumbuyo 0-2, koma anapambana anayi otsatira. Pa masewero achisanu ku San Antonio, kutatsala masekondi osakwana 30, Spurs ikuwapumira m'khosi, mpira unafika kwa Harden. Kawhi Leonard wa Spurs anamuima kutsogolo. Harden anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, naponya ndi dzanja lake lamanzere ali kunja kwa mzere wa mapointi atatu, mpira n'kulowa. Bwalo lonse linangoti zii. Uyu anali munthu woyambira pabenchi, chifukwa pamalo ake pankayambira Thabo Sefolosha, wa ku Switzerland amene bambo ake ndi a ku South Africa. Mu fainolo anagonja 4-1 kwa Miami Heat ya LeBron James, koma palibe anadandaula kwambiri. Durant ndi Westbrook anali ndi zaka 23, Harden ndi Ibaka 22. Ku London, pa masewero olimbirana golide, atatu oyambawo anavala yunifolomu ya America, Ibaka anavala ya Spain. Osewera anayi a timu imodzi pa fainolo ya Olympic! Aliyense ankati nthawi ndi yawo.

Vuto linali malipiro. Durant ndi Westbrook anali atasaina kale makontirakiti aakulu. Mu Ogasiti 2012 Ibaka anasaina ya zaka zinayi ya madola pafupifupi 49 miliyoni. Anatsala Harden. Malamulo a ligi ankamulola kufuna madola pafupifupi 60 miliyoni pa zaka zinayi, ndipo malinga ndi zimene atolankhani analemba nthawi imeneyo, timu inalekezera cha m'ma 52 mpaka 55 miliyoni. Iye anakana, timu n'kumutumiza ku Houston, kumene Daryl Morey, bwana woyendetsa timuyo, anamupatsa madola 80 miliyoni pa zaka zisanu.

Otsutsa chisankhochi amayambira pa nthawi yake, ndipo apa mfundo yawo ndi yolimba. Harden anali adakali ndi chaka china pa kontirakiti yake yoyamba, ya malipiro ochepa. Panalibe lamulo lokakamiza timu kumusiya mu Okutobala. Ikanatha kusewera naye sizoni yonse ya 2012/13, kulimbiranso chikho ndi anyamata omwe aja atakhwimako chaka china, n'kudzaganiza bwino mu Julayi 2013. Ngakhale pamenepo Harden sakanangonyamuka, chifukwa lamulo limati wosewera amene kontirakiti yake yoyamba yatha, timu yake ili ndi ufulu wofananiza malipiro alionse amene timu ina yamulonjeza, n'kumusunga. Msonkho wowawa umene ankauopawo unali woti uyambe mu 2013/14. Kwa otsutsawa, zimene Presti anachita zili ngati mlimi wogulitsa chimanga chikadali m'munda, chisanakhwime, poopa ngongole imene mwini wake sanabwere n'komwe kudzaitanitsa.

Amapitiriza kunena kuti ngakhale ndalamazo zinali ndi njira yake. Mgwirizano wa 2011 pakati pa ligi ndi osewera unkalola timu iliyonse kuchotsa wosewera mmodzi m'kaundula wa malipiro owerengeredwa msonkho, ngakhale ikanapitiriza kumulipira. Oklahoma City inali ndi Kendrick Perkins, wamtali wotchinga pansi pa nkhata amene anachokera ku Boston mu Febuluwale 2011, wolandira madola pafupifupi 9 miliyoni pachaka, ndipo mphamvu zake zinali zitayamba kuchepa. Timu sinagwiritse ntchito mwayi umenewu. Chowawitsa mtima kwambiri n'chakuti mu Okutobala 2014 ligi inasaina mgwirizano wa pawailesi ya kanema wa madola 24 biliyoni, ndipo mu 2016 malire a malipiro analumpha kuchoka pa 70 miliyoni kufika pa 94 miliyoni. Kontirakiti imene inkaoneka yolemera mu 2012 ikanasanduka yotchipa. Mu Julayi 2015 timu yomweyi inavomera kulipira Enes Kanter madola 70 miliyoni pa zaka zinayi, munthu amene anadzakhala woyambira pabenchi ndipo kutchinga kunkamuvuta. Malire anali atakwerako, n'zoona, komabe ndalama imene inasowa kwa Harden inapezeka kwa Kanter.

Za zimene Harden anasanduka safuna n'kutalikitsa. Masewero ake oyamba atavala za Houston anagoletsa mapointi 37 ku Detroit, achiwiri 45 ku Atlanta. Anatsogola ligi yonse pa kugoletsa zaka zitatu zotsatizana, ndipo mu 2018/19 ankagoletsa mapointi 36.1 pa masewero alionse. Kumbali ya Oklahoma City, Martin anasewera sizoni imodzi n'kupita ku Minnesota. Lamb sanakhazikike. Mwa anyamata atatu osankhidwa aja, Mitch McGary ndi Alex Abrines sanakhalitse mu ligi. Steven Adams yekha, wa ku New Zealand, ndiye anakhala mzati wa timu zaka zisanu ndi ziwiri, munthu wolimba ndi wokondedwa, koma palibe angamuike pa sikelo imodzi ndi MVP.

Oikira kumbuyo Presti amati zonsezi ndi nzeru za m'mbuyo mwa alendo. Amafuna tiime mu Okutobala 2012 ndi kuona zimene zinkaoneka nthawi imeneyo. Ligi inali itangotuluka pa mkangano wa 2011 umene unadula sizoni kufika pa masewero 66, ndipo eni matimu anakonza dala malamulo atsopano kuti aswe matimu odzaza akatswiri. Kale timu yopyola mlingo inkalipira dola imodzi pa dola iliyonse yopyola. Tsopano msonkho unali woyambira pa dola imodzi ndi theka, n'kumakwera mmene timu ikupyolera, ndipo timu yopyola chaka ndi chaka inali yodzalangidwa moonjezera. Oklahoma City ndi umodzi mwa mizinda yaing'ono kwambiri mu ligi. Ndalama zimene Lakers kapena New York Knicks zimapeza pa kanema wa m'dera lawo, Clay Bennett ndi anzake eni timuyi sankaziona. Kulipira anayi onse kukanatanthauza kuti osewera ena otsalawo akhale a malipiro otsikitsitsa, chaka ndi chaka, popanda mpata wokonza chilichonse chikalakwika. Ndipo kudikira chaka kuli ndi mtengo wake: wosewera akatsala pang'ono kumaliza kontirakiti, matimu ena amadziwa kuti wapanikizika, ndiye amapereka zochepa. Za mgwirizano wa kanema wa 2014, iwo amati palibe akanayendetsa timu podalira ndalama zimene zinali zisanalengezedwe.

Amakumbutsanso kuti Harden wa 2012 sanali Harden wa 2018. Ankagoletsa mapointi 16.8, analandira mphoto ya wosewera wabwino koposa woyambira pabenchi, koma mu fainolo anazizira: pa masewero achitatu ndi achinayi ku Miami analowetsa mipira iwiri yokha mwa khumi, maulendo onse awiri. Ibaka, mbali inayo, ankatsogola ligi pa kutchinga mipira yoponyedwa, ndipo ntchito imene ankagwira panalibe wina mu timu akanaigwira. Ogoletsa analipo kale awiri. Mpira ndi umodzi, ndipo Harden anakula kukhala chimene anakhala chifukwa ku Houston anamupatsa mpirawo m'manja kuyambira mphindi yoyamba mpaka yomaliza. Akanakhala wachitatu kumbuyo kwa Durant ndi Westbrook, mwina sitikanamudziwa chonchi, mwinanso iye mwini akanatopa n'kupempha kuchoka. Mfundo yawo yaikulu koposa ndi iyi: timu sinagwe. Sizoni yotsatira inapambana masewero 60, kuposa matimu onse a chigawo cha kumadzulo. Chimene chinaigwetsa ndi kuvulala. Mu 2013 Westbrook anavulala bondo atagundana ndi Patrick Beverley wa Houston, ndipo Memphis inawachotsa. Mu 2014 Ibaka anavulala katumba n'kuphonya masewero awiri oyamba ndi Spurs. Mu 2014/15 fupa la phazi la Durant linamulola kusewera masewero 27 okha. Chakudza sichiimba ng'oma, amatero, ndipo bwana wa timu sangaimbidwe mlandu pa mafupa a anthu.

Mfundo ya kuvulalayi ndi imene ineyo ndimaikana kwambiri, chifukwa ndikaiyang'anitsitsa imatembenukira amene akuinena. Kuvulala mu basiketibolo si chinthu chachilendo choti timu idabwe nacho. Masewero 82 pa sizoni, pansi polimba, anthu aatali olemera akulumpha ndi kutera usiku ndi usiku: timu iliyonse yofuna chikho iyenera kuyembekezera kuti tsiku lina katswiri wake mmodzi sadzakhalapo. Phindu la kukhala ndi atatu lili pomwepo. Westbrook atagwa mu 2013, Memphis inangomuunjikira Durant, ndipo panalibe wina wotha kudzipangira yekha mpata woponyera. Munthu amene akanachita zimenezo anali atavala za Houston, atangochotsedwa ndi Thunder yomweyo mu ndime yoyamba. Mu 2016 timu inali yathanzi, inatsogola 3-1 pa Golden State Warriors imene inapambana masewero 73 sizoni imeneyo. Pa masewero achisanu ndi chimodzi, pakhomo pawo, analowa chigawo chomaliza ali patsogolo. Klay Thompson wa Warriors analowetsa mipira 11 ya mapointi atatu usiku umenewo, koma chimene chimandipweteka ndikakumbukira ndi mphindi zomaliza: Durant ndi Westbrook, atatopa, akusinthana kuthamangira pakati pa adani ndi kutaya mpira, chifukwa panalibe wachitatu amene Warriors ankamuopa. Pa 4 Julayi chaka chomwecho Durant analengeza kuti akupita ku Warriors, ndipo Oklahoma City sinalandire kalikonse.

Komabe otsutsa nawonso amapyola muyeso akamalankhula ngati zikho zitatu kapena zinayi zinali kale m'thumba. Miami ya 2013 ndi Spurs ya 2014 anali matimu oopsa. Harden ali ndi timu yakeyake, yomangidwa mozungulira iye, sanafikenso fainolo. Anayandikira mu 2018, Houston itatsogola 3-2 pa Warriors, koma katswiri mnzake Chris Paul anavulala ntchafu, ndipo pa masewero omaliza timu inaphonya mipira 27 ya mapointi atatu motsatizana. Palibe angalumbire kuti atatu aja akanatenga chikho. Chimene chinatayika ndi mwayi wochiyesa, ndipo mwayi wotere timu ya mumzinda waung'ono imauona mwina kamodzi pa m'badwo.

Kuyambira 2025 oikira kumbuyo Presti ali ndi chida chatsopano, ndipo n'chokopa. Amati tsatirani Ibaka, munthu amene timu inasankha kusunga. Mu Juni 2016 anatumizidwa ku Orlando posinthana ndi Victor Oladipo, Domantas Sabonis ndi Ersan Ilyasova. Patatha chaka, Oladipo ndi Sabonis anapita ku Indiana, ndipo Paul George anabwera ku Oklahoma City. George ndi Westbrook sanadutse ndime yoyamba: mu 2018 anachotsedwa ndi Utah, mu 2019 ndi Portland, Damian Lillard wa Portland ataponya mpira womaliza ali kutali kwambiri, George atatambasula dzanja pamaso pake. Sizoni imeneyo timu inalipira msonkho woposa madola 60 miliyoni, chinthu chimene otsutsa saiwala kutchula. Kenako mu Julayi 2019 Kawhi Leonard, yemwe uja Harden anamuponyera pamutu, atangotenga chikho ndi Toronto, anavomera kupita ku Los Angeles Clippers pokhapokha George akakhale naye. Clippers inalibe kothawira. Presti anaikama: analandira Shai Gilgeous-Alexander, mnyamata wa ku Canada amene anali atasewera chaka chimodzi chokha mu ligi, Danilo Gallinari, mwayi wosankha kasanu mu ndime yoyamba ya draft, ndi ufulu wosinthana malo osankhira kawiri. Masiku ochepa pambuyo pake Westbrook naye anapita ku Houston, kukakumananso ndi Harden, posinthana ndi Chris Paul ndi mwayi wina wosankha.

Zaka zotsatira sizinali zokoma kwa ochemerera. Timu inapambana masewero 22 mu 2020/21 ndi 24 mu 2021/22. Mu Disembala 2021 inagonja ku Memphis 152-79, kusiyana kwa mapointi 73 kumene kunali kusanachitikepo m'mbiri ya ligi. Anthu ogula matikiti ndi ndalama zawo anaonerera zimenezo, ndipo amene amatamanda kuleza mtima kwa Presti asamaiwale kuti olezadi mtima anali iwowa. Koma mu 2022 kugonjako kunabala Chet Holmgren pa nambala 2, ndipo mwayi umodzi wochokera ku Clippers unabala Jalen Williams pa nambala 12. Luguentz Dort, amene palibe timu inamusankha mu 2019, anasanduka mlonda woopsa. Wosewera wake Josh Giddey anasinthanitsidwa ndi Alex Caruso wa ku Chicago mu 2024. Pansi pa kochi Mark Daigneault timu inapambana masewero 40, kenako 57, kenako 68. Gilgeous-Alexander anatsogola ligi pa kugoletsa, nalandira MVP, ndipo pa 22 Juni 2025 Thunder inagonjetsa Indiana Pacers 103-91 pa masewero achisanu ndi chiwiri a fainolo. Chochititsa chidwi n'chakuti nayonso Indiana inamera pa muzu womwewo, chifukwa katswiri wake Tyrese Haliburton inamupeza mu 2022 popereka Sabonis uja ku Sacramento. Haliburton anaduka mtsempha wa kuchidendene koyambirira kwa masewero omalizawo, ndipo amene amati Thunder inali ndi tsoka la kuvulala m'zaka za Durant avomerenso kuti ulendo uno tsokalo linagwera ena.

Ndiye oikira kumbuyo aja amafunsa: Ibaka akanapanda kusungidwa, George akanabwera bwanji? George akanapanda kubwera, Gilgeous-Alexander akanachokera kuti? Mwa kuona kwawo, njira imene inayamba mu 2012 inathera pa chikho, ndipo zimenezo n'zokwanira.

Kwa ine unyolo umenewu ndi nkhani yokoma kuimva koma si umboni. Choyamba, chisankho sichinali chakuti Ibaka kapena Harden, pakuti timu ikanatha kusunga onse awiri kwa chaka chimodzi popanda msonkho wowawa uja, ndipo Ibaka akanatha kutumizidwa ku Orlando chimodzimodzi. Kuonjezera apo, mphete iliyonse ya unyolowu inadalira zinthu zimene Presti sakanazidziwa mu 2012: kuti George adzatopa ndi Indiana, kuti Leonard adzakangana ndi Spurs, adzapita ku Toronto, adzatenga chikho, kenako adzaumirira George. Tikalola kuti chabwino chilichonse chochitika patatha zaka 13 chiyeretse chisankho chakale, ndiye kuti palibenso chisankho choipa padziko, chifukwa timu iliyonse tsiku lina idzapambana. Chisankho chimayesedwa ndi zimene munthu ankadziwa ndi zimene anali nazo m'manja tsiku limenelo. Mu 2012 Presti anali ndi timu yongochoka mu fainolo, mtsogoleri wake ali ndi zaka 24, ndipo anaichepetsa mphamvu mwadala chifukwa cha kusiyana kwa ndalama kumene, ngakhale kukanachulukitsidwa ndi msonkho, kunali kochepa poyerekeza ndi zimene timu yomweyo inadzalipira mu 2019 pa gulu losadutsa ndime yoyamba.

Ulemu umene Presti akuyenera ndi wa 2019, ndipo ndi waukulu. Kusiyana kwa zisankho ziwirizi n'kumene kumandiphunzitsa zambiri za ntchito yake. Mu 2012 iye ndiye anali wopanikizika, anadziikira yekha tsiku lomaliza, napereka mnyamata amene mtengo wake unali kukwera. Mu 2019 wopanikizika anali Clippers, George anali ndi zaka 29 atangomaliza sizoni yake yabwino koposa, mapewa onse awiri atangochitidwa opaleshoni, ndipo timu ya Thunder inali itaonetsa kale polekezera pake. Apo n'pamene kusiya katswiri kuli nzeru. Ndipo ulendo uno sanafunefune wolowa m'malo wokhwima kale ngati Martin, anafuna mwana woti akule ndi mwayi wambiri wosankha, podziwa kuti draft ili ndi maere mkati. Iye mwini anaphonyapo kangapo, ndipo ngakhale mu 2009 Stephen Curry, amene anadzakhala katswiri wa Warriors, anapita pa nambala 7, matimu angapo atamulambalala. Woponya maulendo ambiri ndiye amalasa.

Pali mbali imodzi imene mkanganowu umakonda kuilumpha, ya eni timu. Presti ndi wolembedwa ntchito, ndipo mlingo wa ndalama amaika ndi amene ali ndi thumba. Anthu a ku Oklahoma City anavomera mwa voti mu 2008 kuti msonkho wawo wa zogulagula ukonzere bwalo la timuyi, ndipo ankadzaza bwalolo usiku uliwonse. Ndikhulupirira kuti anthu otere anayenera kupatsidwa chaka chimodzi chija. Timu ikauza ochemerera ake kuti pirirani zaka zogonja kuti tipeze ana aluso, imakhala yalonjezanso kuti anawo akakula idzawalipira.

Mu Julayi 2025, patangopita milungu yochepa chitengereni chikho, funso lomwelo linafikanso pa desiki ya Presti, ndipo malamulo a 2023 ndi okhwima kuposa a 2011, chifukwa timu yopyola kwambiri simangolipira msonkho, imamangidwanso manja pa kusinthana osewera. Ulendo uno sanakanganirane madola ochepa. Gilgeous-Alexander anasaina kontirakiti yoonjezera ya zaka zinayi ya madola pafupifupi 285 miliyoni, ndipo Holmgren ndi Williams anapatsidwa aliyense ya zaka zisanu pa mlingo wapamwamba umene malamulo amalola. Oikira kumbuyo Presti amati zinthu zasintha, ndalama za kanema zachuluka, ndipo timu ili ndi mwayi wambiri wosankha ana otchipa odzaza benchi, zimene inalibe mu 2012. Otsutsa amati timu yavomera yokha, mwa zochita zake, kuti wachitatu salekedwa kupita. Ineyo ndili ndi otsutsawa, ngakhale ndikudziwa kuti malipiro a atatuwa akayamba kuwerengedwa mokwanira, ena mwa anyamata amene anatchinga mwamphamvu mpaka chikho chinabwera adzayenera kuchoka, ndipo adzasankha woti achoke ndi Presti yemweyo.